Ndinapangitsa Bokosi Khadi Lisanatuluke

Mpaka lero ndikamadutsa pa tchalitchi chathu kwa Msakambewa amayi ena amatsitsa nkhope n'kumaseka chamumtima, ndipo pali mkulu wa mpingo mmodzi amene akandipatsa moni amawonjezera kufunsa kuti bokosi lija lili bwanji, ngati akufunsa za wodwala. Ndimayankha kuti lilipo. Lilipodi, lili pansi pa bedi, ndipo mkazi wanga amasungamo nyemba za mbewu. Nkhaniyi ndakhala ndikuizemba nthawi yaitali, koma popeza aliyense amaifotokoza mmene akufunira, bola ndiinene ndekha mwini wake.

Ine ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera. Kwathu ndi kwa Kasakula, ku Ntchisi, koma ndinakwatira kuno ku Dowa ndipo ndimakhala chikamwini, pakhomo pa makolo a mkazi wanga, mayi a Tadala. Mkamwini wa kuno amayezedwa ndi khasu, ndipo pa sikelo imeneyo ine sindilemera. Mizere yanga imapita mokhota, fodya ndikasankha ena amabwereza kusankha, ndipo tsiku lina nditapita kukathandiza kudinda belo anandipempha mwaulemu kuti ndingokhala pamthunzi. Chinthu chokha chimene chinkandipatsa kaulemu pamudzipo ndi kompyuta. Ndinaimanga ndekha ndi zipangizo zakaunjika zogula chimodzichimodzi ku Lilongwe, ndipo inkayendera sola ndi mabatire awiri. Anthu ankabwera kudzalembetsa makalata ofunsira ntchito ndi mapulogalamu a ukwati. Akachoka ndinkatseka chitseko n'kumathamangitsa magalimoto (a m'magemu, abale, ine ngakhale njinga yamoto sindidziwa kuyendetsa).

Mtima wa magemuwo ndi chipangizo chimene timachitcha khadi la zithunzi. Ndi chithabwa chamagetsi chokhala ndi mafani akeake, chachikulu ngati njerwa, ndipo ndi chimene chimajambula zonse zooneka pa sikirini. Makompyuta ena amatha kuonetsa zithunzi popanda khadilo. Yanga ayi. Mukalizula imayaka ndithu, mafani n'kumalira, koma sikirini imangoti bii. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ine ndinaipeputsa.

Musungenso iyi. Ine ndi apongozi anga aakazi tinali tisanayankhulanepo maso ndi maso kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Si udani ayi, ndi ulemu wa kuno. Tikakumana pa njira ya kumjigo iwo ankapatukira kumanzere, ine kumanja, moni n'kumapatsana aliyense atayang'ana tchire lake. Nkhani iliyonse pakati pathu inkadzera mwa mayi a Tadala.

Apongozi aamuna atamwalira, zinapezeka kuti mayi a Tadala anawajambulapo ndi foni tsiku lina akusoka fodya m'chigafa. Kanema wamfupi, wogwedezeka, koma ndi yekhayo amene alipo wa mkuluyo. Ndinamukopera mu kompyuta n'kuuza mkazi wanga kuti asawaonetse mayi ake pa foni. Munthu wolemekezeka ngati uja angaoneke bwanji pa kagalasi kong'aluka, wamfupi ngati chala? Ndinati kanemayo ndimukonza bwinobwino, ndiikamo nyimbo ndi maluwa, ndipo pa tsiku lovundukula chiliza chawo, chaka chamawa fodya akagulitsidwa, ndidzawaonetsa pa khoma, aakulu ngati amoyo. Uthenga unapita. Yankho linabwera lakuti apongozi athokoza, adikira. Iwo ankangodziwa kuti amuna awo ali mu kompyuta ya akamwini. Zoti alinso mu foni ya mwana wawo palibe anawauza. Kanemayo ndinamukonzadi, ndipo ndinatha mwezi wathunthu ndikusankha nkhunda zoti ziziuluka poyambirira.

Kenako kunabwera mphekesera. Ndinali pa gulu lina la pa foni la anthu okonda makompyuta, ambiri a m'tauni, ndipo kuti ndiwerenge mauthenga awo ndinkakwera pa chulu cha kuseri kwa sukulu, pamene netiweki imagwira. M'gulumo munayamba kumveka kuti kampani ina yakunja ikutulutsa khadi latsopano, lapamwamba kuposa onse. Palibe amene analiona, koma aliyense ankalidziwa ngati m'bale wake. Ati memore yake idzawirikiza ya makhadi a pano. Ati mafani atatu. Wina akuti bodza, anayi. Ati lizidzajambula ngakhale kuwala kwa dzuwa m'chithaphwi cha mumsewu wa m'gemu (ine zithaphwi zenizeni ndimakhala nazo pakhomo dzinja lonse, ndipo sindinaziyang'anepo kawiri). Ati magetsi lizidzadya ngati simbi yositira. Za mtengo wake anthu ankangoti tidzaona, ndipo inenso sindinafunse chifukwa ndinkaopa yankho. Zonsezi ndinayamba kuzilemba kumapeto kwa buku lokonzera maphunziro, m'mizere yowongoka kuposa ya kumunda. Aphunzitsi anzanga anafika pomandiona ndikulowa mu ofesi n'kumakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kalasi.

Mphekesera imene inandigwetsa inali yakuti khadilo lituluka mwezi wamawa, ndipo likangotuluka makhadi akale adzatsika mtengo ngati tomato wa madzulo pa msika. Wanzeru agulitse lero. Ine ndimadziona wanzeru, ndiye ndinagulitsa. Wogula anali Yotamu wa kwa Dzoole, amene ali ndi kashopu kometera tsitsi komwe anthu amaseweranso magemu podikira. Anabwera pa njinga yamoto, analiyesa, analikulunga mu thaulo ngati khanda, n'kumapita. Mayi a Tadala atafunsa chifukwa chake kompyuta yada, ndinawauza kuti ndi za masabata anayi okha. Anandikumbutsa kuti bambo awo ali momwemo. Ndinati ali bwinobwino, angosowa zenera loonekera. Ndalama ya Yotamu ndinagulira batire lachitatu, poti chikubweracho n'chodya magetsi. Kuti khadilo ndikanaligula ndi chiyani, musandifunse. Malipiro a mphunzitsi mumawadziwa.

Patatha masiku angapo wina anaponya chithunzi m'gulu muja, ati chabedwa ku fakitale. Chinali chosaoneka bwino, koma khadi linkadziwika, lakuda, lalitali, dzanja la munthu litaligwira kumapeto. Anthu anayamba kudandaula kuti silidzakwana m'mabokosi wamba a makompyuta. Apa ndi pamene uphunzitsi unandipweteka. Ndinayeza dzanja la pa chithunzilo ndi rula, ndinayeza khadi, ndinayezanso dzanja langa, n'kuchulukitsa monga timaphunzitsira ana a Fomu 2. Zoti manja anga ndi aakulu ngati mafosholo, ndipo mwini dzanja lija mwina anali munthu wochepa thupi, sizinandifike m'mutu. Yankho linatuluka lakuti khadilo likuchokera pa chigongono changa mpaka kupitirira nsonga za zala. Ndinawonjezerako malo a mawaya ndi zipangizo zina, ndinathyola phesi la chimanga, n'kulidula pa muyezo umenewo. Ndinaganiza zopangitsa bokosi latsopano, lamatabwa, kuti khadi likadzafika lidzapeze nyumba.

Loweruka ndinapita kwathu kwa Kasakula, kwa a Lefani, kalipentala amene anatipangira mabenchi kusukulu ndili mwana. Ndinaiwala kuti masiku ano ntchito yawo yambiri ndi mabokosi a maliro. Ndinaiwalanso kuti kwathu munthu akafika kwa kalipentala atanyamula phesi kapena bango lodula, ndiye kuti wabweretsa muyezo wa malemu. A Lefani atandiona anaika sowo pansi, anavula chipewa, anayang'ana kufupika kwa phesilo n'kupukusa mutu.

"Pepani aphunzitsi. Mwana wa ndani?"

Ndinafotokoza. Zinatenga nthawi, chifukwa ndinayambira ku memore. Anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti bokosi ndi bokosi, ndibwere Loweruka linalo. Ndinawapempha kuti asiye mabowo m'mbali kuti muzilowa mpweya, poti khadi limatentha. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati chiyambireni ntchitoyi sanapangepo bokosi lolowa mphepo, ndipo palibe amene anabwerako kudzadandaula. Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala.

Bokosilo linali lokongola, zimenezo sindingawanamizire. Lopaka vanishi, lotakata kumutu, lowonda kumiyendo, zogwirira ziwiri zonyezimira mbali iliyonse, ndi chivindikiro chotseka kuti gwa. M'kati anayalamo kansalu koyera, ati basela. Mabowo munalibe, kupatula kamodzi ka mawaya kamene anaboola ine ndili pomwepo, akung'ung'udza. Ndinalimanga pa njinga yamoto ya kabaza. Njira yonse yotsika mapiri a Ntchisi anthu a pa njinga zakapalasa ankatsika, abambo ankavula zipewa, amayi ankapatuka n'kuima duu. Pa mlatho wina ndinalikuta ndi chitenje kuti anthu asamalione, koma zinangoipiraipira. Titafika, wakabaza anapempha madzi osamba m'manja.

Mayi a Tadala analiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti lilowe m'nyumba anthu asanalione ndipo lisadzatulukenso. Ndinasamutsiramo zipangizo zonse, ndinazikhomerera bwinobwino, malo a khadi latsopano n'kutsala pakati, otakasuka. Bokosi lakale lachitsulo ndinaliponya kuseri kwa khitchini.

Mwezi wamawa unafika, ndipo m'gulu muja anati mwezi wamawa. Unafika winawo, ati kampani yasintha mafani. Winanso, ati akudikira chionetsero chachikulu. Mphekesera zinkachuluka, khadi osatuluka. Pamene ine ndinkakwera chulu, pamudzi zinthu zinkayenda: fodya anapita ku okushoni, simenti inagulidwa, amisiri anamanga chiliza, ndipo Lamulungu lina malume a mkazi wanga, eni mbumba, anaimirira m'tchalitchi kulengeza tsiku. Anawonjezera kuti mwambo wa kumanda ukadzatha, akamwini athu aphunzitsi adzationetsa malemu ali kuyankhula. Anthu onse anatembenuka kundiyang'ana. Ndinamwetulira. Kunali kutatsala masabata awiri, ndipo kunyumba ndinali ndi kompyuta yakhungu.

Titabwerera kunyumba mayi a Tadala ananenanso za foni. Anati bwanji amayi angoonera pamenepo nkhani ithe, poti kanemayo akadali momwemo. Ndinakana. Ndinati ndinalonjeza khoma, ndipo khoma ndi limene adzaone. (Kunena zoona, ndinkadandaulira nkhunda zanga. Akaonera pa foni, nkhundazo zidzaonedwa ndi ndani?) Mkazi wanga sanatsutse. Anangondiyang'ana mmene amayang'anira mbuzi ikalowa m'khitchini, n'kupitiriza kusankha nyemba.

Ndinapita kwa Dzoole kudzera ku Mponela, ulendo wodya tsiku lonse. Ndinapeza khadi langa lili pa ntchito, anthu atatu atazungulira sikirini akumenyetsa mpira, wina atametedwa mbali imodzi. Yotamu anakana kundigulitsanso, ndipo anandiuza mosangalala kuti makhadi akale akwera mtengo chifukwa latsopano lachedwa. Nditamufotokozera za chiliza anafewa. Anavomera kundibwereka tsiku limodzi, koma anati khadi lake siliyenda lokha: abwera nalo iye mwini, ndipo akhala pafupi nalo.

Chinatsala n'kubwezera zipangizo m'bokosi lakale lachitsulo, lokhala ndi mabowo ake a mpweya, kuti la a Lefani lisaonekere pagulu. Nditapita kuseri kwa khitchini ndinapeza muli nkhuku ya apongozi, itafungatira mazira, ikundiyang'ana ndi diso limodzi. Mkamwini sathamangitsa nkhuku ya apongozi ake. Ndinatuma mayi a Tadala kukapempha. Yankho linabwera lakuti nkhuku yofungatira ikasunthidwa imanyanyala mazira, ndipo ija iswa chiliza chitadutsa, akamwini apirire. Ndinapirira.

Tsikulo kunatentha kuyambira m'mawa, kutentha kwa mvula isanayambe. Kumanda zonse zinayenda bwino: abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa, anthu anayamikira chiliza. Tinabwerera ku tchalitchi dzuwa lili pamutu. Mazenera ndinali nditatchinga ndi zitenje kuti mude, khoma lakutsogolo ndi lopaka laimu, purojekita ndinabwereka kusukulu. Ndinkafuna kulowetsa bokosi anthu asanafike, koma Yotamu anachedwa, ndipo pamene tinkamaliza kulumikiza khadi kunyumba, m'tchalitchi munali mutadzaza, amayi mbali iyi, abambo mbali iyo, apongozi pa mphasa kutsogolo. Bokosilo linali lolemera, ndiye tinagwira wina kumutu wina kumiyendo, n'kumayenda pang'onopang'ono pakati pa mabenchi kuopa kugwedeza khadi. Tchalitchi chonse chinangoti zii. Mayi wina wa kumbuyo, pozolowera, anayambitsa nyimbo ya maliro, ndipo ena angapo anavomera mpaka mnzake anamugwira mkono.

Tinaliika pa tebulo kutsogolo. Chivindikiro ndinachisiya chotsegula kuti muzipita mphepo, chifukwa zimenezo ndiye ndinkazidziwa. Koma bokosi lotere likakhala lotsegula kutsogolo kwa tchalitchi, miyendo ya anthu imadziwa yokha chochita. Azimayi awiri achikulire ananyamuka, anadzera pa tebulo, anasuzumira m'katimo manja ali kumbuyo, n'kukakhala mbali ina. Ena anayamba kuima pa mzere. Mkulu wa mpingo uja, amene amandifunsabe za bokosi, anabwera n'kundinong'oneza.

"Aphunzitsi, tsekani. Anthu akuona nkhope."

Ndinatseka. Ndinadziuza kuti kanema ndi wamfupi, khadi lipirira.

Likanapirira ndithu pakanapanda nkhunda. Poyamba panabwera maluwa akutseguka limodzilimodzi. Kenako nkhunda, kuchokera kumanzere kupita kumanja, n'kubwereranso. Kenako dzina la malemu likuzungulira, vesi, mayina a ana onse asanu ndi atatu, ndi dzina langa monga wokonza, limene linakhalitsa pang'ono kuposa enawo. M'bokosi mafani anayamba kulira ngati chigayo chakutali, ndipo fungo la vanishi wotentha linafika pa benchi yoyamba. Yotamu anali akununkhiza m'mwamba.

Kenako anaoneka. Apongozi aamuna, aakulu kuposa mmene analili amoyo, atakhala pa kampando m'chigafa, atatipatsa msana, malaya awo abuluu ong'ambika paphewa, manja akusoka fodya. M'tchalitchi munamveka kupuma kwa anthu. Ndinaba diso kuyang'ana apongozi aakazi: anali atadzuka pa mphasa, atagwada, dzanja lili pachifuwa. M'kanemamo mawu a mayi a Tadala anaitana kuti ababa, ndipo mkuluyo anasiya fodya n'kuyamba kutembenuka. Linaoneka khutu. Linaoneka tsaya pang'ono. Pamenepo Yotamu anadumpha benchi, anazula waya wa magetsi, anakanganula chivindikiro, ndipo pa khoma panatsala laimu yekha.

Sindingamunene kwambiri. M'bokosimo munatuluka mpweya wotentha ngati wa mu uvuni wa njerwa, ndipo khadi linali lake. Analizula ndi thaulo lija n'kumaliuzira ndi pakamwa. Ndinamupempha kuti lizizire kaye tiyesenso chivindikiro chili chotsegula, koma anati lero ayi, mawanso ayi. Malume, amene ndi munthu wodziwa kutseka misonkhano, anaimirira n'kuthokoza akamwini, kuti ngakhale taona kumsana kokha, malaya aja tonse tawazindikira. Anthu anatuluka kukadya. Yotamu, monga mlendo wochokera kutali, anapatsidwa mpando ndi nyama yabwino, khadi lili pamiyendo.

Ine sindinadye. Ndinakakhala kuseri kwa nkhokwe, pamthunzi, ndikuyang'ana nyerere. Manyazi anandigwira, inde, koma chimene chinkandipweteka kwambiri ndi mayi aja atagwada pa mphasa, akudikira nkhope. Alendo atachepa, dzuwa litapendeka, ndinamva mawu a apongozi aamuna akuchokera pa khonde. Ndinasuzumira. Mayi a Tadala anali atakhala ndi mayi awo, foni yong'aluka ija ili m'manja mwa apongozi, itayandikitsidwa kumaso. Ine sanandifunse, ndipo anachita bwino. M'kanemamo mkuluyo amatembenuka, amaseka, n'kunena kuti, "Kauzeni a Naphiri kuti thobwa lija ndikudikirabe." Ndi zokhazo basi. A Naphiriwo, apongozi anga, anaseka, anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti abwezere. Anabwezera kambirimbiri mpaka ndinasiya kuwerenga.

Kenako ndinamva akuitana, osati mwana wawo, koma ine. Ndinapita n'kunyonyomala chapatali, nkhope nditalozetsa ku khola la mbuzi. Zikuoneka kuti mayi a Tadala anali atawafotokozera zonse, kuyambira pa chulu mpaka pa phesi.

"Bambo a Tadala, chinthu mukudikiracho chikadzafika, bambowa adzaoneka bwino kuposa apa?"

Ndikanatha kunama. Ndikanatha kuyamba za memore ndi mafani anayi. Koma kanema wojambulidwa ndi foni yakale amakhala mmene anajambulidwira, ngakhale mutamuonetsa ndi khadi lotani, ndipo ine ndinkazidziwa zimenezi kuyambira pachiyambi.

"Ayi amayi. Adzaoneka chimodzimodzi."

Anayankha maso ali pa foni.

"Ndiye chaka chonsechi anali m'thumba mwa mwana wangayu, ine ndikudikira inu."

Sanakweze mawu. Anadina foni ija okha, poti anali ataphunzira kale pobwezera, ndipo apongozi aamuna anatembenukanso kufunsa thobwa. Ndinakhalabe chonyonyomala mpaka miyendo inachita dzanzi, chifukwa palibe anandiuza kuti ndinyamuke.

Khadi latsopano lija linatuluka mvula itayamba. Linali lalifupi kuposa masamu anga ndi chikhatho chathunthu, ndipo likanakwana bwinobwino m'bokosi lachitsulo, momwe nkhuku ija inaswa anapiye asanu ndi awiri. Mtengo wake ungafolere nyumba ndi malata n'kutsalako. Nkhuku itasamuka ndinatsuka bokosilo, ndipo kompyuta pano ikuyendera kakhadi kakaunjika kongokwanira kulemba makalata. Mayi a Tadala amati ndisadandaule, poti ine ndi mayi awo tinayamba kuyankhulana. Foni ija sinabwererenso kwa mkazi wanga. Imakhala kwa apongozi, ndipo ntchito yoitchaja pa mabatire anga atatu ndi yanga. M'gulu lija ndinatulukamo, n'kubwereramo patatha masabata awiri (kungowerenga, abale). Ati likubwera lina chaka chamawa, mafani ake asanu. Ndimawerengabe, ndimalembabe kumapeto kwa buku, koma uthenga ukangofika wakuti foni ya apongozi yatha moto, ndimasiya chiganizo pakati n'kuthamanga. Mkulu wa m'kanema uja amafunsa thobwa lake tsiku lililonse, ndipo mayi aja anadikira kokwanira.